Ankhoswe adya nkhuku, nanga viza ituluka liti?

Pa chinkhoswe china ku Matawale, kuno ku Zomba, akuchimuna atangopereka tambala, akuchikazi n'kubweza msoti, azakhali a mkwatibwi anandikodola. Mkwati amakhala ku UK, anatenga unzika wa kumeneko zaka zapitazo, ndipo anabwera pa tchuthi cha masabata atatu okha. "Achimwene," anatero mayiwo monong'ona, "inu mumatsatira nyuzi. Ndiye kuti mwanayu akwera ndege limodzi ndi amuna akewa?" Nditati ayi mayi, atsala kaye, mwina kwa miyezi ndithu, nkhope yawo inagwa. Kwa iwo nkhani inali itatha kale. Ankhoswe avomereza, abusa adalitsa Loweruka, chatsala n'chiyani?

Funso lotere lachuluka, makamaka chifukwa cha nkhani ziwiri za ku America zomwe anthu amaziphatikiza ngati imodzi. Mu Ogasiti 2025 boma la kumeneko linalengeza kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Mu Disembala chaka chomwecho linaika Malawi pa mndandanda wa mayiko omwe nzika zawo zaimitsidwa kulandira mitundu ina ya viza. Mu minibasi ya ku Chinamwali mumva wina akuti kunja konse kwatsekedwa, mnzake n'kumutsutsa kuti ukangokwatiwa ndi mwini dziko zonse zimayenda zokha. Palibe amene walondola kwenikweni.

Viza, pemiti ndi unzika

Pasipoti ndi ya dziko lako, imanena kuti ndiwe yani. Viza ndi ya dziko lomwe ukupitako, imanena kuti akulola kudzachita chiyani komanso mpaka liti. Pemiti ndi chilolezo chokhala m'dzikomo kwa nthawi yotalikirapo, nthawi zina n'kumagwira ntchito. Unzika ndiye kukhala mwini dziko, ndipo umadza patapita zaka, ngati ungadze n'komwe. Setifiketi ya ukwati si chimodzi mwa zinthu zimenezi. Imangokupatsa chifukwa chokafunsira.

Ife a kuno, komwe Ayao, Anyanja ndi Alomwe ambiri amatsata chikamwini, tisavutike kumvetsa. Mwamuna akakwatira ku Jali kapena ku Thondwe amapatsidwa malo omanga nyumba ndi munda wolima, koma nthakayo si yake. Waipeza chifukwa cha mkazi wake, ndipo eni mbumba ndiwo amulola. Paja akuluakulu anati mkamwini asamakule mwendo. Viza ya ukwati ndi chikamwini cha pakati pa mayiko. Umakhala m'dziko la eni chifukwa cha mnzako, poyamba moyesedwa, ndipo chilolezocho chimatsamira pa banjalo. Kusiyana kwake n'kwakuti kumudzi wovomereza ndi mwini mbumba amene amadziwa makolo ako, pamene uku ndi wantchito wa boma amene sanakuonepo. Iye amangoona mapepala.

Chinanso chomwe ambiri sachidziwa n'chakuti woyesedwa kwambiri si amene akufuna kupita, koma amene ali kale kumeneko. Pa mafomu amamutcha sponsor, kutanthauza munthu wokuimirira, wolonjeza boma kuti pogona ndi chakudya chako zili pamutu pake.

Ukwati womwe uli pa pepala

Malamulo athu ndi otakasuka pa nkhani ya banja. Lamulo la maukwati la 2015, lotchedwa Marriage, Divorce and Family Relations Act, limazindikira ukwati womangidwa ku boma, wa chikhalidwe, wa chipembedzo, komanso wa anthu omwe akhala limodzi nthawi yaitali mpaka aliyense n'kumawadziwa ngati banja. Wotsirizawu umafuna khoti kuti liutsimikize, ndipo awiriwo akhale atakhalira limodzi zaka zosachepera zisanu. Onse ayenera kukhala a zaka 18 kapena kuposerapo.

Mayiko ambiri amatsata mfundo yakuti ukwati womangidwa motsata malamulo a komwe unachitikira ndi ukwati basi. Choncho chinkhoswe si chachabe. Vuto ndi umboni. Vidiyo ya perekaniperekani imasonyeza kuti kunali chisangalalo, koma wowerenga mafomu akufuna chikalata chosonyeza kuti ukwatiwo unalembedwa m'kaundula. N'chifukwa chake ambiri amene akudziwa kuti mmodzi adzapita kunja amadzera kwa DC, kapena amaonetsetsa kuti ku mpingo kapena ku mzikiti kwawo akuwapatsa setifiketi yovomerezeka ndi boma, osati khadi la chikumbutso lokha.

Apa pali msampha womwe umakola obwera pa tchuthi. Ukwati usanamangidwe ku boma, chidziwitso chimayenera kukhomedwa kwa masiku 21 kuti wotsutsa atsutse. Masiku 21 ndi masabata atatu, ofanana ndendende ndi tchuthi cha mkwati wa ku Matawale uja. Akayamba kuganiza za ofesi ya DC atatera kale pa Chileka, masiku amuthera.

Kenako pali mabanja akale. Kumudzi timati anasiyana kalekale, mwamuna anatenga bulangete lake n'kubwerera kwawo. Ofesi ya viza siimva zimenezo. Imafuna chigamulo cha khoti chothetsa banjalo, kapena setifiketi ya imfa ngati mnzake anamwalira. Mitala nayo ndi nkhani. Kuno imaloledwa pa chikhalidwe ndi pa Chisilamu, ngakhale womanga ukwati ku boma saloledwa kutenga wachiwiri. UK imalola mkazi mmodzi yekha kulowa ngati mkazi wa munthuyo, ndipo America siwerengera ukwati wachiwiri womangidwa woyamba usanathe.

Ndiimepo pang'ono pa mayina, chifukwa apa mpomwe mafayilo ambiri amakhalira osayenda. Ife pa Chichewa l ndi r sitizisiyanitsa kwenikweni, ndiye dzina lomwelo limapezeka ndi l pa chiphaso cha unzika, ndi r pa pasipoti, n'kukhalanso lina pa setifiketi ya MANEB. Chaka chobadwa nachonso chimasinthasintha, poti kulembetsa ana akangobadwa kunakhala kokakamiza mu 2015, ndipo ziphaso za unzika zinalembedwa m'dziko lonse mu 2017. Ambiri obadwa kale anangouzidwa kuti unabadwa chaka cha njala, kapena aphunzitsi anawachotsera zaka polembetsa mayeso a Sitandade 8. Kwa ife ndi nkhani yoseketsa. Kwa wofufuza wa ku Sheffield ku UK kapena ku New Hampshire ku America, amenewo ndi anthu awiri osiyana. Zikonzedwe ku NRB ndi ku Immigration fomu ya viza isanalembedwe.

Kodi ndi banja lenileni?

Maukwati ongogulira mapepala alipo, ndipo maboma amawadziwa. Ku America wopezeka ndi mlandu umenewu akhoza kukhala m'ndende mpaka zaka zisanu ndi kulipira mpaka madola 250,000, ndipo mlendoyo sangadzavomerezedwenso kudzera mwa wachibale wina aliyense. Ndiye wofufuza amayamba ndi kukayika, inu n'kumuchotsa chikayikocho.

Umboni wabwino ndi wa zinthu wamba zochitika pa nthawi yaitali. Zidindo za pa bwalo la ndege la Chileka kapena la Kamuzu zosonyeza maulendo odzaonana, matikiti, zithunzi za zaka zosiyana muli ndi abale a mbali zonse, malisiti a ndalama zotumizidwa pa Mukuru kapena Western Union, mauthenga a pa WhatsApp otengedwa apa ndi apo m'miyezi yambiri, mapepala a ana ngati alipo. Zithunzi makumi asanu zojambulidwa tsiku limodzi ku Chawe sizilemera ngati zisanu za zaka zitatu. UK imafunanso kuti awiriwo akhale atakumanapo maso ndi maso. Chikondi cha pa Facebook chokha, ngakhale chitatentha bwanji, sichikwanira.

Pali china chomwe chimandikhudza pa gawo ili. Mafunso ambiri anapangidwa poganizira banja la kwawoko, lokhala ndi akaunti imodzi ku banki, lokumbukira tsiku lobadwa la wina ndi mnzake, logwirana manja pa chithunzi. Mayi wa ku Songani amene amatchula mwamuna wake kuti "bambo a ujeni" ndipo sanakondwererepo tsiku lobadwa akhoza kukhala ndi banja lolimba kuposa onse, koma n'kulephera funso lophweka. Mankhwala ake si kupeka. Ndi kulemba kalata yofotokoza m'mene mwambo wathu umayendera, ankhoswe ndi ndani, n'chifukwa chiyani palibe akaunti imodzi, kenako awiriwo n'kukhala pansi kuuzana zinthu zomwe sanafunsanepo.

Za madobadoba ndinene mwachidule. Amene akukulonjezani kuti ali ndi munthu mkati, kapena kuti akupangirani sitetimenti ya ku banki yooneka bwino, akukugulitsani tsoka. Mabanki ndi olemba ntchito amaimbiridwa foni, ndipo pepala limodzi labodza limaipitsa ndi mapepala oona omwe. Siginecha yomwe ili pa fomu ndi yanu, osati ya dobadoba.

Adzadya chiyani? Masamu a ku UK

Malamulo a UK a viza ya banja, omwe ali m'gawo lotchedwa Appendix FM, anayamba mu Julayi 2012. Wokuimirira ayenera kukhala nzika ya Britain kapena ya Ireland, kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika, kapena wotetezedwa ngati wothawa kwawo. Amene ali kumeneko pa viza ya sukulu kapena ya ntchito amatsata njira ina, ndipo njirayo inapanikizidwa mu 2024. Kuyambira Januwale ophunzira ambiri saloledwa kutenga mabanja awo, ndipo kuyambira Malichi osamalira okalamba ndi odwala nawonso analetsedwa.

Phata la nkhani ndi malipiro. Kuchokera mu 2012 wokuimirira ankayenera kulandira mapaundi 18,600 pa chaka. Pa 11 Epulo 2024 chiwerengerocho chinakwera kufika pa 29,000. Kawirikawiri amaonetsa mapepala a malipiro a miyezi isanu ndi umodzi kwa bwana mmodzi, pamodzi ndi masitetimenti a ku banki ndi kalata ya ku ntchito. Malipiro a amene ali kuno sawerengedwa, ngakhale akhale mphunzitsi wa ku Chirunga kapena namwino wa pa Zomba Central. Lonjezo la ntchito yomwe adzaipeze akafika nalonso siliwerengedwa.

Malipiro akaperewera, ndalama zosunga zimatha kuthandiza, ndipo pano za onse awiri zimawerengedwa. Masamu ake ndi awa. Tengani zomwe zaperewera, muchulukitse ndi 2.5, kenako muwonjezere 16,000. Tiyerekeze kuti mlamu wathu amalandira 25,000. Zaperewera 4,000. Kuchulukitsa ndi 2.5 zikhala 10,000, kuwonjezera 16,000 zikwana mapaundi 26,000. Wopanda malipiro n'komwe amafunika 88,500. Ndalamazo ziyenera kukhala zanuzanu, zitagona mu akaunti miyezi isanu ndi umodzi. Zobwereka kwa achimwene Lachisanu kuti zibwezedwe Lolemba sizigwira ntchito. Boma la UK limati malirewa amateteza okhoma msonkho kuti asamadyetse mabanja a obwera. Otsutsa amati amalekanitsa mabanja a anthu olandira zochepa, omwe akugwira ntchito moona mtima. Mkanganowo ulipobe kwawoko.

Chingerezi nachonso chimayesedwa. Tinene kuti ndi chilankhulo cha boma kuno, tinene kuti Zomba inali likulu la dziko kuyambira nthawi ya Azungu omwewo mpaka 1975, koma Malawi sali pa mndandanda wa mayiko omwe nzika zawo sizilemba mayesowa. MSCE siilandiridwa. Pamafunika mayeso ovomerezeka a kumva ndi kulankhula pa mlingo wotsikitsitsa wotchedwa A1. Wokhala ndi digiri yophunzitsidwa m'Chingerezi, monga ya ku UNIMA, akhoza kuigwiritsa ntchito bungwe la Ecctis likaitsimikiza. Palinso kuyezetsa chifuwa chachikulu pa chipatala chovomerezedwa ndi UK, osati china chilichonse, ndi kukapereka zidindo za zala ku Lilongwe. Kwa wa ku Zomba umenewo ndi ulendo wa kudzera ku Liwonde, Balaka, Ntcheu ndi Dedza, mwina kangapo.

Mtengo wake ndi wolemera. Mu 2025 fomu yokha inali mapaundi 1,938, kuwonjezera apo panali ndalama ya chipatala ya 1,035 pa chaka, yomwe imalipiridwa ya zaka zitatu nthawi imodzi, 3,105. Mwadutsa 5,000 musanagule tikiti. Akakukanani, ya chipatala imabwerera koma ya fomu yapita. Yankho limatenga pafupifupi masabata 12. Mapepala nawo amafa pa nthawi zosiyana. Setifiketi ya chifuwa imakhala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pepala lomaliza la malipiro lisapitirire masiku 28 pa tsiku lofunsira. Ukathamangira chimodzi n'kuchedwa ndi chinzake, umayambiranso.

Zikatheka, viza yoyamba ndi ya miyezi 33. Amaloledwa kugwira ntchito koma osalandira thandizo la boma la anthu osauka. Kenako amawonjezera miyezi 30, atakhoza Chingerezi cha A2 ndi kuonetsanso malipiro. Zikakwana zaka zisanu m'pamene amafunsira chilolezo chokhazikika, ndi mayeso ena a Chingerezi komanso a za moyo wa ku UK. Njira yachidule yomwe ena amaiganizira, yolowa ngati mlendo wodzacheza kenako n'kusinthira komweko, ndi yotsekedwa. Mlendo amayenera kubwerera kwawo n'kukafunsira kuchokera kumeneko.

America

Ku America woyambitsa nkhani ndi amene ali kumeneko, nzika kapena wokhala ndi green card, chomwe ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Amatumiza fomu ya I-130 ku bungwe la boma loona za olowa m'dzikomo la USCIS kutsimikiza kuti ukwati ulipo ndipo ndi weniweni. Ikavomerezedwa, fayilo imapita ku National Visa Center, komwe amasonkhanitsa mapepala ndi malipiro, kenako ku ofesi ya kazembe ku Lilongwe, komwe wofunsayo amakayankha mafunso atayezedwa kale ndi dokotala wosankhidwa ndi iwo. Si zachilendo kuti ulendo wonsewu upitirire chaka.

Pali fomu ina, I-864, yomwe ndimaifanizira ndi unkhoswe wosathawika. Wosayina amalonjeza kusamala mlendoyo, ndipo malipiro ake ayenera kukwana 125 peresenti ya mlingo wa umphawi womwe boma limalengeza chaka ndi chaka. Mu 2025, pa banja la anthu awiri, inali pafupifupi madola 26,400. Mosiyana ndi UK, munthu wina akhoza kusayina nawo ngati malipiro aperewera. Koma lonjezoli silitha banja likatha. Limatha mlendoyo akakhala nzika, akagwira ntchito pafupifupi zaka khumi, akachoka m'dzikomo kotheratu, kapena imfa ikalowererapo.

Kwa wokwatirana ndi nzika ya America, ukwati ukakhala wosakwana zaka ziwiri pa tsiku lolowa, viza yake ndi CR1 ndipo green card imakhala ya zaka ziwiri zoyesedwa. M'masiku 90 omaliza awiriwo amafunsira limodzi kuti chiyeso chichotsedwe. Ukakhala utapitirira zaka ziwiri, ndi IR1, yopanda chiyeso. Palinso K-1 ya otomerana ndi nzika ya America, yomwe imafuna kuti akhale atakumana m'zaka ziwiri zapitazo ndipo akwatirane m'masiku 90 akalowa.

Tsopano nkhani ziwiri zija. Chikole cha mu Ogasiti chinali cha viza ya alendo ocheza ndi a bizinesi okha, ndipo chimabwezedwa munthu akatuluka pa nthawi yake. Sichinakhudze viza ya ukwati. Chomwe chinaikhudza ndi chilengezo chomwe Donald Trump anasayina pa 16 Disembala 2025, choyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2026. Chinaimitsa nzika za Malawi, pamodzi ndi za mayiko ena monga Zambia, Zimbabwe ndi Tanzania, kulowa ngati okakhazikika, komanso pa viza za alendo ndi za sukulu. Chilengezo cha mu Juni chaka chomwecho, chomwe Malawi sanalimo, chinkapatula akazi ndi amuna a nzika za America. Cha mu Disembala chinachotsa kupatulako. Otsala osakhudzidwa ndi okhala kale ndi green card, amene anali ndi viza yamoyo tsikulo lisanafike, a unzika wa mayiko awiri oyenda pa pasipoti ya dziko lomwe silili pa mndandanda, ndi ena ochepa omwe akuluakulu a boma angawalole payekhapayekha. Boma la America linatchula kuchuluka kwa opitirira masiku awo ngati chifukwa. Otsutsa amati likulanga mabanja osalakwa. Lamulo lotere limabwera ndi siginecha imodzi ndipo limatha kusinthanso ndi siginecha imodzi, choncho musanalipire kalikonse werengani zomwe ofesi ya kazembe yalemba pa tsamba lake tsiku lomwelo.

Ku Joni

Kunena zoona, kwa anthu ambiri a chigawo chino kunja si London kapena Texas. Ndi Johannesburg, Durban ndi Cape Town. Mmalawi amalowa ku South Africa popanda viza kwa masiku 30. Wokwatirana ndi nzika kapena wokhazikika kumeneko akhoza kufunsira viza pansi pa gawo 11(6) la lamulo lawo la 2002, yomwe imamulola kukhala ndi mnzakeyo ndiponso, akapempha, kugwira ntchito, kuphunzira kapena kuchita bizinesi. Banja likakwanitsa zaka zisanu akhoza kufunsira kukhazikika. Mu 2019, pa mlandu wa Nandutu, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo linagamula kuti mkazi kapena mwamuna wa nzika asakakamizidwe kubwerera kwawo kuti akasinthe viza, akhoza kufunsira ali komweko.

Koma zonsezi ndi za munthu amene masiku ake ali moyo. Ambiri mwa abale athu masiku anawathera kalekale, ndipo ukwati sufufuta zimenezo. Wopitirira ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kulowanso kwa chaka chimodzi, wopitirira kuposa pamenepo zaka zisanu. Pokamanga ukwati kumeneko amafunanso kalata yochokera kuno yotsimikiza kuti ulibe banja lina, chinthu chomwe chimavuta kwa bambo amene anasiya mkazi ndi ana ku Domasi.

Banja likagwedezeka

Tabwereranso kwa mkamwini ndi bulangete lake. M'zaka zoyesedwa, banja likatha chilolezo nachonso chimagwedezeka. Ku UK boma limayenera kuuzidwa, ndipo viza ikhoza kufupikitsidwa. Ku South Africa viza ya 11(6) imakhala ndi moyo malinga ngati banjalo lilipo. Ichi n'chomwe ankhanza ena amaopsezera nacho anzawo, kuti ukandinenera ndikubweza kwanu.

Malamulo anaganizirapo. UK ili ndi njira yoti wozunzidwa m'banja, kapena woferedwa, afunsire kukhazikika payekha. America imalola wozunzidwa, woferedwa kapena wosudzulidwa pa ukwati womwe unali weniweni kupempha kuti chiyeso chichotsedwe popanda siginecha ya mnzakeyo. Zonsezi zimafuna umboni, monga malipoti a polisi ndi a chipatala. Mwana wathu akamanyamuka, anamkungwi amuuze za ulemu ndi kupirira, koma wina amuuzenso kuti pasipoti azisunga yekha, ndipo mapepala ake onse akhale nawo pa foni kapena pa imelo yake.

Mlamu akabwera kuno

Nthawi zina ulendo umakhala wobwera. Mnyamata anapita kusukulu ku India kapena ku Kenya n'kubwerako ndi mkazi, mtsikana wa ku Mulunguzi wakwatiwa ndi mlendo wodzagwira ntchito ku bungwe, kapena msodzi wa ku Kachulu watenga mkazi tsidya la nyanja ya Chilwa. Wotsirizayu amalankhula Chilomwe kapena Chinyanja ngati ife tomwe, maliro timayendera limodzi, koma pa lamulo ndi nzika ya Mozambique, mlendo chimodzimodzi ndi wa ku Germany.

Malawi nayenso sapereka chilolezo chokhala chifukwa cha ukwati wokha. Mlendo akalowa amadindiridwa masiku 30, omwe akhoza kuwonjezeredwa ku Immigration mpaka 90. Wofuna kupitirira apo amafunsira pemiti yokhala kwa kanthawi, TRP, ya miyezi isanu ndi umodzi. Ziwirizi sizimuloleza kugwira ntchito. Ya ntchito ndi TEP, yomwe amafunsira ndi womulemba ntchito ndipo imamangirizidwa ku ntchito yomweyo, pamene ya bizinesi ndi BRP. Yomwe mabanja ambiri amailakalaka ndi PRP, yokhala mpaka kalekale, ndipo mkazi kapena mwamuna wa Mmalawi ndi mmodzi mwa oyenera kuifunsira. Mafunso ake ndi omwe aja tawaona kwa eni ake: setifiketi ya ukwati, kalata ya polisi ya kwawo yosonyeza kuti alibe milandu, ya dokotala, umboni wa chomwe adzadye, ndi kalata ya mnzake wa kuno. Podikira yankho, masiku a mu pasipoti asasiyidwe kuti afe.

Chodabwitsa n'chakuti mlendoyo nthawi zina amakhala mwana wa m'mudzi momwemo. Nyumba ya Malamulo isanasinthe lamulo la unzika mu Disembala 2018, Mmalawi wamkulu wotenga unzika wa dziko lina ankataya wa kuno. Tsopano wobadwira kuno kapena wobadwa kwa kholo la Chimalawi akhoza kukhala ndi unzika wa mayiko awiri, koma amene anautaya kale saupezanso pongotsika ndege, ayenera kukafunsira kuti ubwezeretsedwe. Mkwati wa ku Matawale uja anandionetsa pasipoti yake madzulo a tsiku lomwelo, anthu akuvina. Anabadwira ku Sadzi, mchombo wake uli konko, koma pa tsamba lomaliza panali chidindo cha pa Chileka chomupatsa masiku 30.